Tisanagule sipeya, tiyambe tapeza nthenda ya galimoto

Mawu omwe wofalitsa nkhani za Khonsolo ya Neno analankhula pa msonkhano wa zachitukuko kwa Magaleta

Ndikupempha chilolezo chanu kuti mphindi zomwe mwandipatsazi ndizigwiritse ntchito pa nkhani yomwe kawirikawiri siilowa m'ndondomeko ya misonkhano ngati uno. Tikasonkhana chonchi timakamba za milatho, mijigo, midadada ya sukulu ndi misewu, ndipo n'koyenera kutero. Lero ndikufuna tiyang'ane chomwe chimayenda pa misewuyo, chomwe ndi galimoto zakalezi, makamaka mmene tingadziwire chomwe chavuta zikadwala, tisanayambe kumwaza ndalama.

Tonse pano tikuzidziwa galimoto zomwe ndikunena. Ndi pikiapu ija yomwe chaka ndi chaka imatsitsa chimanga, nandolo, mbatatesi ndi manachesi kupita nazo ku Zalewa, ku Mwanza ndi ku Blantyre. Ndi Sienta kapena Probox yomwe imatitenga m'mamawa n'kutibweza madzulo. Ndi galimoto yomwe mwini wake mumakamudzutsa pakati pa usiku mayi wapakati zikamuvuta, a pachipatala chathu chaching'ono atanena kuti athamangire naye ku chipatala cha ku boma kapena cha ku Lisungwi, ambulansi ili pa ulendo wina. Galimoto yotere ikakhala pa miyala mwezi wathunthu, wovutika sakhala mwini wake yekha. Manachesi amaolera m'madengu, mavenda amatchula mtengo womwe afuna podziwa kuti mlimi alibe kolowera, ndipo wodwala amakwezedwa pa njinga yamoto m'njira ya mabampu. N'chifukwa chake ndikuti nkhaniyi ndi ya chitukuko, ngakhale kuti galimotozo ndi za anthu paokha.

Palibe mwa galimotozi yomwe inafika kuno ili yatsopano. Zambiri zinayamba zatumikira kaye anthu a ku Japan kapena a ku South Africa. Kampani ya Toyota inayamba kupanga Probox mu 2002, ndipo Sienta inatuluka mu 2003, chaka chomwe boma lathu la Neno linapatulidwa ku Mwanza n'kuima palokha. Ndiye kuti zoyambirira za mitundu iyi, zomwe ena timaziyesa zamakono, ndi nthanga imodzi ndi boma lathuli, ndipo ma Hilux ena omwe akukwera mapiri a kwa Dambe ndi akale kuposa pamenepo. Pamene zikukalamba chonchi, mitengo ya zipangizo ikukwererakwerera. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chonsecho pafupifupi sipeya iliyonse imachokera kunja kwa dziko lino. Ife a ku Neno timalipira kawiri, chifukwa pofuna sipeya munthu amayenera kukafika ku Blantyre, ku Limbe kapena ku Ndirande, kutaya tsiku lathunthu ndi ndalama ya mayendedwe. Pa mtengo wotere, kulosera nthenda ya galimoto ndi chinthu chomwe sitingachikwanitse. Kugula pampu, osatheka. Kugula mapulagi, osatheka. Kugula batire, osathekabe. Kenaka n'kupeza kuti vuto linali waya umodzi womasuka: umu ndi momwe mabanja ambiri amathera ndalama za mbewu za chaka chonse.

Akuluakulu mukukumbukira nthawi yomwe aliyense wotentha thupi ankangopatsidwa mankhwala a malungo. Kuyambira cha mu 2011, zipatala za m'dziko muno zinayamba kuyeza magazi a pachala asanapereke LA, chifukwa kutentha thupi kuli ndi magwero ambiri. Lero palibe amadabwa dokotala akayamba wafunsa mafunso ndi kuyeza asanalembe mankhwala. Nzeru yomweyo ikufunika pa galimoto. Ngakhale boma lili ndi nthambi yake, yomwe ambiri timaidziwabe ndi dzina lakale la PVHO, yomwe imayendera galimoto za boma ndi kunena chomwe chaonongeka. Ngati boma, lomwe thumba lake ndi lalikulu, limafuna kuti munthu ayambe waona, nanga ife a thumba laling'ono?

Ntchito yopeza nthenda imayambira kwa dalaivala, makaniko asanagwire sipanala. Galimoto simayankhula, koma amene amakhala nayo tsiku ndi tsiku amamva zambiri. Mawu oti "yangozima" sathandiza aliyense. Makaniko akufuna adziwe ngati vuto limabwera m'mawa injini ili yozizira kapena itayenda kale mtunda, ngati limadza pa chitunda kapena pa chitsetse, ngati phokoso limakula ndi liwiro la galimoto kapena ndi kulira kwa injini, ndiponso chomwe chinachitika vutolo lisanayambe. Kodi munathira mafuta a m'chigubu dzulo lake? Kodi munaoloka mtsinje? Kodi pali wina anagwirapo kale? Funso lomalizali ambiri amalibisa chifukwa cha manyazi, koma ndi lomwe limafupikitsa ntchito. Dalaivala wabwino amayang'ananso pansi pomwe galimoto inagona. Dontho lakuda ndi oyilo wa injini, lofiira nthawi zambiri ndi la giyabokosi kapena chiwongolero, ndipo dontho loterera lomwe latsika mkati mwa gudumu ndi mafuta a mabuleki. Lomalizali likaoneka, galimoto isachoke pamalopo.

Titenge vuto lomwe limatikuta kawirikawiri, la galimoto yokana kulira. Anthu ambiri amathamangira kunena kuti batire latha kapena sitata yapsa. Pali njira yosalira ndalama yosiyanitsira. Yatsani nyali zakutsogolo, wina aime patsogolo, inu mutembenuze kiyi. Nyali zikazilala kwambiri kapena kuzimiratu, mphamvu ndi yochepa kapena sikudutsa bwino, ndipo musanatsutse batire yang'anani mitu yake. Mitu ya batire imamera ufa woyera kapena wobiriwira, komanso imamasuka ndi mabampu a misewu yathu. Kuitsuka ndi madzi otentha ndi soda, kuipala ndi kuimangitsa kwadzutsa galimoto zambiri zomwe eni ake anali atayamba kale kufunsa mtengo wa batire. Waya wokhuthala womwe umachoka ku batire kukamangidwa ku thupi la galimoto uyang'anidwenso, chifukwa dzimbiri la pamenepo limanamiza anthu ambiri. Koma nyali zikakhala zowala bwinobwino, kiyi akatembenuzidwa n'kungomveka kuti tha kapena kukhala zii, pamenepo ndiye tiganizire sitata kapena mawaya ake. Kachipangizo koyezera magetsi kamathetsa mkangano wonse: batire lodzaza limaonetsa mavolti pafupifupi 12.6 injini ili chete, ndipo injini ikamalira muyeso uyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ukapanda kukwera, alternator sikudzaza batire, ndipo ngakhale mugule latsopano lidzafa m'masiku ochepa.

Nkhani imasintha injini ikamatembenuka mwamphamvu koma osagwira. Apa batire ndi sitata zilibe mlandu. Injini ya petulo imafuna mafuta, mpweya ndi moto wa ku mapulagi, ndipo chilichonse mwa izi chimayezeka pachokha. Ya dizilo ilibe mapulagi a moto. Mdani wake wamkulu ndi mpweya kapena madzi zikalowa m'njira ya mafuta. Pa ma Hilux ndi ma Land Cruiser akale, pamwamba pa fyuluta ya dizilo pali kapampu kopopa ndi dzanja, ndipo pansi pake pali kampopi kotayira madzi omwe amadikha mmenemo. Kapampuko kakamapopedwa osalimba, mpweya ukulowa penapake, mwina pa paipi yong'aluka. Galimoto ya dizilo yomwe imavuta m'mamawa wa Juni ndi Julayi okha, koma masana n'kumalira bwino, nthawi zambiri ndi mahita ake omwe afa, ndipo si nkhani yotsegulira injini.

Pano ndiyenera kunenapo za mafuta a m'zigubu. Sindikuweruza munthu, pakuti tonse taona mizere ya pa malo omwetsera mafuta zaka zapitazi, ndipo kuno kwathu malo oterewa ali kutali. Koma chigubu chimabwera ndi mchenga, madzi, nthawi zina palafini. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, mwambo womwe unayamba mu 1982 pomwe fakitale ya ku Dwangwa inatsegulidwa, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Petulo wokhalitsa m'chigubu chosatseka bwino amafika m'thanki ali ndi madzi kale. Galimoto ikayamba kudukiza kapena kufooka pa chitunda mutangothira mafuta otere, thirani pang'ono m'botolo loonekera mkati, mulisiye kanthawi. Madzi ndi zinyalala zimakhala pansi, maso anu n'kuona okha. Ndi bwino kusintha fyuluta ndi kutsuka thanki kusiyana ndi kutumiza pampu ku Blantyre pa mlandu womwe si wake. Amene simungachitire mwina, sefani mafutawo ndi nsalu yoyera pothira.

Utsi nawo ndi mboni. Wakuda umatanthauza kuti mafuta achuluka kuposa mpweya, ndipo m'fumbi la Seputembala ndi Okutobala choyamba kuyang'ana ndi fyuluta ya mpweya. Fyuluta yotsekeka imafooketsa galimoto ndi kumwetsa mafuta ambiri. Ena amaichotseratu n'kumasangalala kuti mphamvu yabwerera, osadziwa kuti fumbi lomwe likulowa likupala injini mkati ngati mchenga wotsukira mphika. Utsi wotuwa mopita ku buluu ndi oyilo amene akupsa. Galimoto yotere itha kutumikirabe nthawi ndithu malinga mwini wake akuyeza oyilo m'mawa uliwonse. Woyera wa m'mamawa womwe umatha injini ikatentha usakuopseni. Woopsa ndi woyera wosatha, wotuluka pamene madzi a mu rediyeta akuchepa popanda podontha pooneka.

Izi zikundifikitsa pa nthenda yomwe yapha injini zambiri m'mapiri muno, ya kutentha. Galimoto yodzaza katundu ikamakwera kuchoka ku chigwa cha Shire kubwera kumtunda, pa giya yoyamba kapena yachiwiri, injini imagwira ntchito yaikulu pamene mphepo yodutsa pa rediyeta ndi yochepa. Chofooka chilichonse chimaonekera pamenepo. Muvi wa kutentha ukayamba kukwera, imani. Mawu oti "tingomaliza chitundachi" adya ndalama zambiri kuposa mawu ena aliwonse pa msewu. Mukaima musatsegule chivundikiro cha rediyeta, pakuti madzi a mkatimo ali pa mphamvu ndipo amathovokera kumaso. Anyamata ambiri othandizira madalaivala ali ndi zipsera za moto umenewu. Dikirani theka la ola kapena kupitirira. Musathirenso madzi ozizira mu injini yotentha, chifukwa chitsulo chimapindika kapena kung'aluka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Injini ikazizira, yambani ndi zotsika mtengo. Kodi madzi alimo okwanira, ndipo ngati achepa, adutsa pati? Finyani mapaipi a rabala, muone ngati afewa kapena ang'aluka pafupi ndi zomangira. Gwirani lamba wa fani, muone ngati ndi womasuka. Suzumirani kutsogolo kwa rediyeta: matope ouma, njere za udzu ndi tizilombo zimatseka timipata take, ndipo kutsuka ndi madzi kuchokera kumbuyo kumabweza mphepo. Pa Sienta ndi Probox fani imayendera magetsi, choncho ikapanda kuzungulira injini itatentha, yambani ndi fyuzi. Ndiye pali chivundikiro chija, chomwe ambiri amachiyesa chotsekera wamba. Ntchito yake ndi kusunga mphamvu mkati kuti madzi asawire msanga. Chikakhala chabwino madzi amatha kufika pafupifupi madigiri 120 asanawire. Rabala wake akatha, kapena wina akatsekapo ndi chiguduli, madzi amawira pa madigiri 100 kapena kucheperapo, popeza kumtunda madzi amawira msanga kusiyana ndi ku chigwa. Kachinthu kotsika mtengo kameneka kachititsa anthu kutsegula injini zopanda vuto.

Pali chizolowezi chomwe ndikufuna kutsutsana nacho poyera, ngakhale ndikudziwa kuti amakaniko ena pano sagwirizana nane. Galimoto ikangofika kuchokera ku Japan kapena ikangotentha kamodzi, ena amachotsa thermostat n'kuitaya, ati ndi ya maiko ozizira. Kachipangizoka kamatseka njira ya madzi injini ili yozizira, n'kutsegula kutentha kukafika pakati pa madigiri 80 ndi 90. Popanda iko injini imachedwa kutentha, imamwa mafuta ambiri ndi kutha msanga, ndipo pa injini zina madzi amangozungulira mkati osadutsa mokwanira mu rediyeta. Ngati mukuikayikira, iikeni mu mphika wa madzi pamoto: ikatseguka madzi asanawire ndi yabwino, ikakana gulani ina. Kuichotsa kumangobisa nthenda yeniyeni. Chimodzimodzi madzi a mumtsinje, omwe amasiya matope ndi dzimbiri m'timapaipi ta rediyeta. Amene angathe agule coolant. Amene sangathe atunge madzi a mvula oyera. Za dzira kapena fodya zomwe ena amathira kuti atseke podontha, zimenezo n'zongokufikitsani kunyumba, ndipo mawa lake rediyeta itsukidwe ndi kuwotcheredwa.

Zonsezi zikayezedwa ndiye tingatchule gasiketi ya pamutu pa injini. Zizindikiro zake n'zodziwika: oyilo amaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi a mu rediyeta amatulutsa thovu injini ikamalira, ndipo utsi woyera uja sutha. Gasiketi simapsa yokha popanda chifukwa. Wosintha gasiketi osapeza chomwe chinatenthetsa injini adzabwereranso ku galaja mwezi usanathe, atanyamula ndalama zina.

Mvula ikagwa timakumana ndi mdani wina. Mitsinje ya Lisungwi ndi Mkulumadzi pamodzi ndi timitsinje tomwe timathiramo imadzaza mwadzidzidzi, ndipo tinaona mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, mmene njira zimasandukira mitsinje. Galimoto ikazimira m'madzi, musayese kuiliza. Madzi safinyika ngati mpweya. Akalowa mu injini inu n'kutembenuza kiyi, zitsulo za mkati zimapindika nthawi yomweyo. Ikokereni pamtunda, tsegulani fyuluta ya mpweya, ndipo ikapezeka yonyowa makaniko achotse mapulagi kapena mahita kuti madzi atuluke. Ngakhale mwaoloka bwino, oyilo wa mu difu ndi mu giyabokosi ayang'anidwe, ndipo pondani mabuleki pang'onopang'ono mukangotuluka m'madzi kuti aume.

Tsopano mabuleki. Zonse zomwe ndanena kufikira pano zimadya ndalama, koma izi zimadya anthu. Mabuleki amaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. Pa chitsetse chachitali, dalaivala akangoponda osalekeza, zitsulo zimatentha mpaka kuleka kugwira. Mafuta a mabuleki nawo amamwa chinyezi pakapita nthawi. Mtundu wa DOT 3, womwe galimoto zakale zambiri zimagwiritsa ntchito, umawira pa madigiri 205 uli watsopano, koma ukamwa chinyezi umatha kuwira pa madigiri 140. Ukawira, phazi limangolowa mpaka pansi ngati mwaponda thonje, galimoto ili pakati pa phiri. N'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amati mafutawa azisinthidwa zaka ziwiri zilizonse, osati kumangowonjezera. Ndikafunsa pano kuti ndi angati anasinthapo, ndikukhulupirira kuti manja akhala ochepa.

Phazi limauza dalaivala zambiri. Buleki yofewa, yolimba pokhapokha mwapopa kawiri kapena katatu, ili ndi mpweya mkati kapena ikudontha. Yomwe imatsika pang'onopang'ono mutaiponda chiponderecho ikuonetsa kuti marabala a mu pampu yaikulu atha. Phokoso la chitsulo kukhulana ndi chitsulo likutanthauza kuti mapadi anatha kale ndipo tsopano mukudya chimbale. Galimoto yokokera mbali imodzi mukaponda ili ndi gudumu lomwe silikugwira. Pa zonsezi palibe yoyenera kunyamula munthu. Ndamvapo za kutseka paipi ya gudumu lodontha ndi msomali kuti magudumu atatu otsalawo azigwira, ndiponso za kuthira madzi a sopo m'malo mwa mafuta a mabuleki. Ena amazitcha nzeru za pa msewu. Mafumu athu, inu ndi amene mumalandira uthenga wa maliro, ndipo ndikupemphani kuti zimenezi muzidzudzule ndi mawu anu.

Chizolowezi china chabwera ndi kukwera mtengo kwa mafuta: kuika galimoto pa fili, ngakhale kuzimitsa injini kumene, potsika phiri. Injini ikazima, mphamvu yothandizira mabuleki imatha mukangoponda kangapo, ndipo chiwongolero chimauma. Madontho a mafuta opulumutsidwawo sangafanane ndi miyoyo ya anthu khumi ali kumbuyo. Lamulo la madalaivala akale likadali loona: tsikani phiri ndi giya yomwe mukadakwerera phiri lomwelo. A galimoto zosintha zokha magiya, zilembo zija zili m'munsi mwa D anaziikira ntchito imeneyi.

Za kunsi kwa galimoto ndidutsapo mwachangu, pakuti misewu yathu inatiphunzitsa kale. Kugogoda pa mabampu kumachokera ku mabushi, ku mashokomzoba kapena ku ball joint. Kwezani gudumu ndi jeke, muligwire pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza, kenaka kumanja ndi kumanzere. Likamasewera, pali chomwe chatha, ndipo ball joint ikaduka gudumu limagona pansi galimoto ikuyenda. Musalowe kunsi kwa galimoto yomwe yakhala pa jeke yokha. Ikani zitsa zolimba. Pogula matayala a kaunjika, werengani manambala anayi omalizira pa mzere woyamba ndi zilembo za DOT m'mbali mwa tayala. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka: 2316 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2016. Tayala limatha kukhala ndi mano okongola koma rabala wake atauma ndi ukalamba. Pa injini zomwe zili ndi timing belt, monga za dizilo za ma Hilux akale, kanyali ka T-BELT kamayaka pofuna kukumbutsa kuti lambayo asinthidwe, kawirikawiri pa makilomita 100,000. Lambayu sachenjeza ndi phokoso, ndipo akaduka amaononga mutu wa injini. Kuzimitsa kanyaliko osasintha lamba ndi kudzinamiza.

Anyamata ena tsopano ali ndi makina olumikiza ku kompyuta ya galimoto, pa kabowo ka mano 16 komwe kali kunsi kwa chiwongolero. Njirayi inakhazikitsidwa mwalamulo ku America mu 1996 ndipo inafalikira ku maiko ena. Ndi chida chabwino, ndipo ndikulimbikitsa achinyamata omwe akuphunzira umakaniko kudzera ku TEVETA kuti achidziwe bwino. Koma makinawa amanena chomwe kompyuta yaona, satchula sipeya yoti mugule. Mwachitsanzo, nambala ya P0171 imatanthauza kuti mpweya wachuluka poyerekeza ndi mafuta. Chochititsa chitha kukhala paipi yong'aluka yomwe ikuyamwa mpweya, kachipangizo koyeza mpweya komwe kadetsedwa ndi fumbi, kapena pampu ya mafuta yofooka. Mitengo ya zitatuzi ndi yotalikirana kwambiri. Wina akangowerenga nambala n'kukuuzani nthawi yomweyo kuti kaguleni chakuti, osatsegula n'komwe boneti, ntchito yake sanaimalize.

Mawu anga asamveke ngati ndikunyoza amakaniko athu. Ambiri amagwira ntchito pansi pa mtengo, ndi zida zochepa, ndipo amayendetsa galimoto zomwe kwina zikadatayidwa kalekale. Vuto lina lili ndi ife eni galimoto. Timakana kulipira munthu amene watha maola awiri akufufuza n'kupeza waya woduka, ati sanasinthe kanthu, koma timalipira mosanyinyirika amene wamasula theka la injini. Tikamatero tikuphunzitsa amakaniko kuti ndalama ili m'kumasula. Gwirizanani mtengo wa kufufuza pawokha, ndipo muulipire mokondwa. Mukatero muli ndi ufulu wofunsa kuti: mwadziwa bwanji kuti ndi chimenechi? Makaniko wodziwa ntchito sakwiya ndi funso limeneli, amakuonetsani. Safunsa anadya phula. Pemphani kuti asinthe chinthu chimodzi pa nthawi, kuti mudziwe chomwe chachiza, ndipo sipeya yakale ibwerere m'manja mwanu. Popita ku Blantyre nyamulani yakaleyo pamodzi ndi nambala ya chesesi, chifukwa galimoto za dzina limodzi zimasiyana injini, ndipo kubwerera ndi sipeya yosalowa ndi ulendo wachiwiri. Pa fyuluta, mapadi ndi ball joint chenjerani ndi zotchipa modabwitsa, popeza zachinyengo zilipo pa msika.

Kope la sukulu limodzi likhale m'galimoto. Lembanimo tsiku, makilomita, chomwe chasinthidwa ndi amene wasintha. Galimoto za khonsolo zili ndi mabuku otere, ndipo ndi momwe zimadziwikira kuti vuto lakuti labwereranso kachitatu. Chiphaso cha COF chomwe nthambi yoona za pamsewu imapereka chimanena za tsiku lomwe galimoto inayezedwa. Za masiku enawo zili m'manja mwa dalaivala amene amayang'ana oyilo, madzi, mafuta a mabuleki ndi matayala dzuwa lisanatuluke.

Ndili ndi mapempho awiri kwa makomiti a chitukuko. Loyamba, mvula isanayambe, lembani galimoto za m'dera lino zomwe eni ake ali okonzeka kunyamula wodwala usiku, ndipo mukambirane nawo kuti mabuleki, matayala ndi nyali za galimotozo ziyang'anidwe ndi makaniko amene nonse mumamukhulupirira. Mndandandawo ukhale kwa mafumu ndi ku chipatala chathu. Lachiwiri likupita kwa inu apaulendo, makamaka amayi amene mumakwera matola ndi ana kumsana. Mukaona dalaivala akupopa buleki kangapo kuti galimoto iime, kapena akuzimitsa injini pa chitsetse, muli ndi ufulu wonena kuti aime mutsike, ndipo mukafika kumudzi mukawadziwitse a komiti.